MIKANDA YA MAKOLO: KUIZINDIKIRA NDI KUDZIWA MTENGO WAKE

M'midzi yambiri ya ku Ntchisi ndi ku Dowa, mayi wokalamba akamwalira abale amasonkhana pambuyo pa maliro kuti aone katundu amene wasiya. Katunduyo sachuluka: miphika, mphasa, khasu ndi nsalu ziwiri kapena zitatu. Koma kawirikawiri pansi pa mtanga, kapena m'kansupa kotseka ndi chitsononkho, mumapezeka kansanza komanga mfundo, ndipo m'kati mwake muli mikanda. Pamenepo anthu amasiyana maganizo. Ena amati tsobola wakale sawawa, nazipereka kwa ana kuti aseweretse. Ena, amene adamva kuti alendo amagula zinthu zakale, amayesa kuti atola chuma chambiri. Onsewo alakwa, ndipo mathero ake ndi amodzi: ulusi umadulidwa, mikanda imamwazika, mbiri yake nkutayika.

Inu amene mukuphunzira uphunzitsi mudzatumizidwa ku midzi yotereyi, ndipo mudziwa kale kuti kumudzi mphunzitsi amafunsidwa zonse. Tsiku lina munthu adzakutambasulirani dzanja nadzati, "Aphunzitsi, kodi izi n'za liti, ndipo zingagulidwe zingati?" Nkhani ino yalembedwa kuti tsikulo mudzayankhe mwanzeru. Mikanda yambiri ya makolo athu ndi yagalasi, ndipo ndiyo galasi lakale koposa limene banja la kumudzi lingakhale nalo. Munthu wodziwa kupenya angathe kuwerenga mkanda monga awerengera kalata.

KUMENE MIKANDA IDACHOKERA

Makolo athu adali amisiri a ng'anjo. Ankasungunula chitsulo nasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo, koma galasi sadalipange. Mikanda yopanga okha idali ya zigoba za nkhono, mafupa, njere za mitengo ndi mkuwa. Chotero mkanda uliwonse wagalasi umene mungaupeze m'mudzi udachokera kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo udadzera imodzi mwa njira zitatu.

Njira yoyamba ndi ya kumwera, yotsata mtsinje wa Zambezi. Poyamba mikanda inkachokera ku India, ndipo ankabwera nayo ndi amalonda a Chiswahili. Apwitikizi atakhazikika ku Sofala m'chaka cha 1505 adapeza kuti anthu a kumeneko ankakana mikanda ya ku Ulaya nafuna ya ku India imene adaizolowera, kotero kuti iwonso adayamba kukaigula ku India komweko. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kudali likulu la Kalonga, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi adapeza mikanda yagalasi pamodzi ndi mapale a mbale za ku China. Buku lake lofotokoza zimenezi lidatuluka m'chaka cha 2020. Njira ya kumwerayi idakhalitsa: m'chaka cha 1831 Monteiro ndi Gamitto adanyamuka ku Tete kupita kwa Kazembe, nadzera m'dziko la Amaravi ndi Achewa, atasenzetsa amtengatenga nsalu ndi mikanda zogulira chakudya ndi zopatsa mafumu kuti awalole kudutsa.

Njira yachiwiri ndiyo ikhudza Ntchisi koposa. Munthu ataima pamwamba pa phiri la Ntchisi kukacha bwino amaiona nyanja kum'mawa, ndipo m'mbali mwa nyanjayo muli Nkhotakota. Kumeneko cha m'ma 1840 kudakhazikika Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, amene zombo zake zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita tsidya lija, pa ulendo wa ku Kilwa ndi Zanzibar. Pobwerera zinkadza ndi nsalu, mfuti, onga ndi mikanda. Livingstone adafika pa Nkhotakota m'chaka cha 1861 ndiponso m'chaka cha 1863, nawaona malondawo ndi maso ake. Nthawi imeneyo mikanda ya ku India idali itachepa, ndipo yochuluka inkachokera ku Venice m'dziko la Italy ndi ku Bohemia, kumene lero ndi dziko la Czech Republic. Tisabise kanthu pano: mikanda ina ya nyengo imeneyo idali mtengo wa munthu. Ndiponso m'masiku a nkhondo za Angoni, pamene Achewa ankathawira m'nkhalango ya phiri la Ntchisi, mikanda ndiyo idali chuma chopepuka chimene mayi akadatha kuthawa nacho mwana ali kumbuyo.

Njira yachitatu ndi ya masitolo. Kampani ya African Lakes idayamba m'chaka cha 1878, ndipo anthu adaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa oyang'anira ake. Pambuyo pake Amwenye adatsekula masitolo m'maboma ndi m'misika, ndipo amuna opita ku ntchito ku Harare ndi ku Joni ankabwerera ndi mikanda ya akazi awo. Mikanda yambiri imene ikusungidwa m'nyumba lero ndi ya njira yachitatuyi, ina ndi ya yachiwiri. Ya ku India ya masiku a Kalonga imapezeka makamaka m'nthaka.

KAPANGIDWE KANAYI

Galasi limapangidwa posungunula mchenga pamodzi ndi soda kapena phulusa la zomera, ndi laimu. Likatentha limanyumbuka ngati phula, ndipo mmisiri angathe kulikoka, kulikulunga kapena kuliumba. Kapangidwe kalikonse kamasiya chizindikiro chake. Kuti muone bwino, tengani galasi lokuzira zinthu, muike mkandawo pa pepala loyera padzuwa.

1. Mikanda yokoka. Mmisiri ankatenga mpira wa galasi lotentha pansonga ya ndodo yachitsulo nauboola pakati. Mnzake ankamatiza ndodo ina mbali inayo, ndipo awiriwo ankathamanga mosiyana, wina uku wina uko, kufikira galasilo litasanduka bango lalitali, loonda, lokhala ndi bowo m'kati monsemo. Bangolo ankalidula tizidutswa. Pofuna kuti m'mphepete musakhale mwakuthwa, ankatseka mabowo ndi makala osakaniza ndi laimu, natenthanso tizidutswato akutitembenuza m'mgolo. Timikanda tating'ono tonga mapira timene amayi amalukira zokongoletsa n'totere. Chizindikiro chake n'chakuti timathovu ndi timizere ta m'galasi timatsata kumene bowo lalunjika, kuchokera kukamwa kwina kufika kwinako.

2. Mikanda yokulunga. Apa mmisiri ankafewetsa kandodo kagalasi pa lawi la nyali nakulunga galasilo pa waya, monga mwana akulungira ulusi pa kamtengo. Unkapangidwa umodziumodzi, chotero mikanda yotere imakhala yokulirapo ndipo siilingana ndendende. Timizere take timazungulira bowo, ndipo nthawi zina pakamwa pa bowo pamatsala kansonga pamene galasi lidadukira.

3. Mikanda ya m'chikombole. Amisiri a ku Bohemia, makamaka a mzinda wa Jablonec umene Ajeremani ankautcha Gablonz, ankapana galasi lofewa m'chikombole chonga mbano. Mbali ziwiri za chikombole zikakumana zimasiya msoko wozungulira mkandawo, monga muonera pa botolo. Mikanda yotere imafanana ngati mapasa.

4. Mikanda ya ufa wotsendera. M'chaka cha 1840 Richard Prosser wa ku England adapeza njira yopangira mabatani potsendera ufa wa miyala m'chikombole ndi kuuotcha pambuyo pake. M'zaka za m'ma 1860 fakitale ya Bapterosses ku Briare m'dziko la France idayamba kupanga mikanda mwa njira yomweyo, ndipo a ku Bohemia adatsatira. Mkanda wotere suonekera kuwala, uli ndi kalamba kotukuka pamimba, ndipo mbali imodzi ndi yosalala pamene inayo ili ndi timaenje ngati khungu la lalanje. Mukauona, dziwani kuti sungakhale wakale kuposa 1860.

MTUNDU WA MKANDA NDI ZAKA ZAKE

Mtundu wa galasi umachokera ku zitsulo zimene amathiramo posungunula. Chitsulo chotchedwa cobalt chimapereka buluu wakuya. Mkuwa umapereka kubiriwira, kapena kufiira kwa katondo ukaphikidwa mwa njira ina. Golide pang'ono amapereka kufiira koonekera kuwala. Popeza amisiri sadadziwe njira zonsezi nthawi imodzi, mtundu umatithandiza kuwerenga zaka. Mikanda yofiira ndiyo ithandiza koposa, ndipo ilipo ya mibadwo itatu.

Woyamba ndi mkanda wofiira ngati katondo kunja, koma ukasuzumira kukamwa kwa bowo uona kuti m'kati ndi wobiriwira, nthawi zina wobiriwira modera ngati wakuda. Uwu ndi wa ku Venice, ndipo unkapangidwa kale pofika m'zaka za m'ma 1600. Udachepa pofika cha m'ma 1860. Banja limene lili nawo lili ndi chinthu chakaledi.

Wachiwiri ndi wofiira ngati mwazi kunja, woyera m'kati. Uwu udayamba kuoneka pakati pa 1830 ndi 1845, ndipo udalanda malo a woyamba uja. Ndiwo umene umatchedwa chitalaka. Pamene Horace Waller ankakonza mabuku otsiriza a ulendo wa Livingstone, amene adasindikizidwa m'chaka cha 1874, Susi ndi Chuma adamuuza maina a mikanda ya malonda. Iwo adati mkanda uwu Aswahili amautcha samesame, ndipo anthu a kunyanja amautcha mangazi, ndiko kuti mwazi, ndi kuti unkafunidwa ponseponse.

Wachitatu ndi chitalaka yemweyo, koma kufiira kwake n'kowala, kopita ku mtundu wa lalanje. Kuyambira cha m'ma 1890 amisiri adayamba kufiiritsa galasi ndi mankhwala otchedwa selenium m'malo mwa golide, pakuti adali otsika mtengo. Mukaika wakale ndi watsopano pamodzi padzuwa, diso limasiyanitsa msanga. Wotsirizawu ndi wa masiku a masitolo, ndipo ukupangidwabe.

Palinso mkanda wa buluu wakuya wokhala ndi mbali zisanu ndi imodzi kapena kuposerapo, wosemedwa m'ngodya pa mwala wonolera. Uwu ndi wa ku Bohemia, wa zaka za m'ma 1800. Pa wakale nkhope zosemedwazo sizilingana, chifukwa ankanola ndi manja. Polemba za mikanda yotere chenjerani ndi liwu lathu lakuti "wobiriwira", pakuti akulu amalitchula ponena za tsamba ndiponso za thambo. Lembani momveka kuti "wobiriwira ngati tsamba" kapena "wobiriwira ngati thambo".

Lamulo lalikulu pa zonsezi ndi ili: chizindikiro chimatiuza chaka chimene mkanda sungapitirire kumbuyo, koma sichitiuza tsiku limene udapangidwa. Chitalaka sangakhale wa masiku a Kalonga, komatu angathe kukhala wa 1850 kapena wa 1885.

MPHANDE

Pakati pa mikanda ya mabanja aufumu mungapeze mphande, chinthu choyera chozungulira chokhala ndi mzere wopota ngati nkhata. Mphande yeniyeni si galasi. Ndi tsinde la chigoba cha nkhono ya m'nyanja yamchere, lodulidwa ndi kunoledwa. Idali chizindikiro cha ulemu kuno, ku Zambia, ndi ku Zimbabwe kumene amaitcha ndoro. Azungu ataona kuti anthu aikonda, adayamba kupanga zofanizira za dothi loyera lootcha ndi za galasi. Yeniyeni mzere wake umayamba waung'ono pakati numka nukula mosalingana bwino, ndipo ikakalamba imachita chikasu ngati dzino. Yofanizira imakhala yoyera mbee, mzere wake wolingana ponseponse, ndipo ziwiri zotuluka m'chikombole chimodzi sizisiyana konse. Yofanizirayo si yonyozeka, pakuti nayonso ingakhale ya zaka zoposa 100, koma iyenera kutchedwa dzina lake loona.

GALASI, PULASITIKI NDI ULUSI

Musanayambe kuwerenga zaka, tsimikizani kuti chimene mwagwira ndi galasi. Galasi limazizira ukaligunditsa pa mlomo, limalemera m'dzanja, ndipo mikanda iwiri ikagundana imalira ngati timiyala. Pulasitiki ndi wofunda, wopepuka, ndipo kulira kwake n'kogontha. Ena amayesa ndi singano yamoto. Inu musatero, chifukwa chinthu cha mwini sachiyesa pochiononga.

Kenaka penyani kutha kwake. Mkanda umene wavalidwa zaka zambiri umaperepeseka kumapeto kumene unkakhudzana ndi unzake, ndipo ulusi umadya kukamwa kwa bowo mbali imodzi. Kutha koona sikukhala kofanana ponseponse. Alipo amalonda m'maiko ena amene amakwecha mikanda yatsopano ndi mchenga naipaka dothi kuti ioneke yakale. Yotereyo imachita mbuu thupi lonse koma bowo lake lili lakuthwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ulusi nawonso ndi mboni. Makolo ankatunga mikanda pa ulusi wa bwazi, wa thonje lopota pamanja, kapena pa mtsempha wa nyama. Khonje lidafika ku East Africa m'chaka cha 1893, ndipo nayiloni adafala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945. Koma kumbukirani kuti ulusi umaola pamene galasi siliola. Mayi amatunganso mikanda ya amake pa ulusi watsopano, naonjezapo yake. Chotero ulusi umanena za tsiku la kutunga, osati za tsiku la mkanda.

Tiyerekeze tsono kuti akuonetsani chingwe chotere: ulusi wa nayiloni, chitalaka wofiira ngati mwazi 30 woperepeseka kumapeto, mikanda ya buluu yosemedwa 4, timikanda toyera tambiri tolingana bwino, ndi mikanda iwiri yopepuka yachikasu. Eni ake akuti malemu adabadwa chaka cha 1940, ndipo adalandira chingwecho kwa amayi awo, amenenso adalandira kwa amayi awo. Mudzaganiza motere. Nayiloni ndi mikanda iwiri ya pulasitiki zionetsa kuti amene adatunga komaliza ndi malemuwo. Timikanda toyera tolingana ndi ta m'sitolo. Chitalaka ndi ya buluu ija ingathe kukhala ya zaka za m'ma 1800. Tsono werengani mibadwo, kupatsa mbadwo uliwonse zaka 25 kapena 30: amayi a malemu adabadwa cha m'ma 1912, agogo awo cha m'ma 1885. Mboni ziwirizi, galasi ndi pakamwa, zagwirizana, ndipo mungathe kunena mosakayika kuti m'chingwe chimodzicho muli manja a amayi atatu. Zikatsutsana, lembani zonse ziwiri monga zilili, osakhotetsa imodzi kuti ikondweretse inzake.

MABOTOLO NDI MATAMBULA

M'nyumba zina, makamaka pafupi ndi mishoni zakale monga Mvera, imene idayamba mu 1889, ndi Kongwe, ya mu 1894, mumapezeka mabotolo akale osungiramo mchere, mafuta kapena mbewu. Awanso amawerengeka. Tsatani msoko wa m'mbali ndi chala. Ukathera pakhosi osafika pamlomo, botololo adaliuzira ndi pakamwa m'chikombole namaliza mlomo ndi manja. Ukakwera kufikira pamwamba penipeni pa mlomo, ndi la makina, ndipo makina otere, a Michael Owens wa ku America, adayamba mu 1903. Botolo lokhala ndi mpira wagalasi m'khosi ndi la mtundu umene Hiram Codd adautulukira mu 1872 wosungiramo zakumwa za thovu. Mlomo wolandira chitsekerero chamanomano chonga cha zakumwa za lero sungakhale wakale kuposa 1892. Galasi loyera limene lasanduka lofiirira ngati duwa la mbatata chifukwa chokhala padzuwa lili ndi manganese, amene ankathiridwa kwambiri kuyambira cha m'ma 1880 kufikira cha m'ma 1920. Matambula ndi mbale zamaluwa zokhala ndi msoko ndi za m'chikombole, ndipo zidapangidwa zochuluka kwambiri. Kukongola kwake sikutanthauza kuti n'zosowa.

MTENGO WAKE

Kale mikanda idali ndalama. Anzathu a Chishona kufikira lero mkanda amautcha chuma. Amalonda a ku Zanzibar ankaiyeza ndi chingwe chotchedwa khete, ndipo zingwe 10 zomangidwa pamodzi ankazitcha fundo, liwu lapachibale ndi lathu lakuti mfundo. Susi adauza Waller kuti paundi imodzi ya mikanda ina yoyera yaitali pang'ono, ndiko kuti pafupifupi theka la kilogalamu, inkagula mnyanga waukulu wa njovu kumwera kwa nyanja ya Tanganyika. Mu 1854 mfumu Shinde ya Alunda idapatsa Livingstone mphande, ndipo adamuuza kuti ziwiri zinkagula kapolo, zisanu zinkagula mnyanga. Koma mtengo umenewo udali wa kusowa. Mikanda inkadula chifukwa inkayenda miyezi pamitu ya anthu, ndipo mtundu umene unkafunidwa m'dera lina unkakanidwa m'dera loyandikana nalo. Masitolo atadzaza, mtengowo udagwa.

Lero ogula zinthu zakale amayang'ana zinthu zisanu: ukale wake, kusowa kwake, ngati chili chosasweka, ngati chili chathunthu monga adachilukira mwini wake, ndiponso ngati mbiri yake idziwika. Pa zisanuzi n'kofunika kuwauza anthu zoona. Timikanda tating'ono tidapangidwa matani ndi matani ku Venice ndi ku Bohemia, ndipo tikupangidwabe ku Czech Republic, Japan, India ndi China. Kamkanda kamodzi kotere, ngakhale ka zaka 120, kali ndi mtengo wochepa kwambiri. Mikanda ikuluikulu yamawangamawanga imene anthu amaiona pa intaneti ili pa mtengo wokwera inkatumizidwa makamaka ku West Africa, ndipo kuno siipezeka kawirikawiri. Munthu asagulitse mbuzi kuti apeze ulendo wa ku Lilongwe poyembekeza kulemera ndi kansupa ka agogo.

Chimene chimakweza mtengo ndi ziwiri zotsirizazo, ndipo zonse ziwiri zili m'manja mwa banja. Lamba woluka wa Chingoni, kapena timbwidza ta pachinamwali, zikakhala zathunthu ndipo zidziwika kuti adaluka ndi yani, m'mudzi uti, pa mwambo uti, ndi chinthu chimene nyumba yosungiramo zakale ingachilemekeze. Zomwezo zikadulidwa zisanduka dzanja limodzi la timikanda tosasiyana ndi ta pamsika. Wogula woyendayenda amapereka pang'ono, amadula ulusi, natunganso mikanda ya mabanja khumi pa chingwe chimodzi chogulitsa kwa alendo. Banja latsala ndi ndalama ya sopo, ndipo chinthu chimene chidapulumuka nkhondo ndi njala sichidzabweranso.

Pali mfundo zina ziwiri zoti muwakumbutse anthu. Yoyamba ndi ya mwambo: pakati pa Achewa mikanda imatsata mbumba, kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, chotero amene waisunga sindiye mwini yekha. Asanagulitse ayenera kufunsa abale ake aakazi ndi mwini mbumba. Yachiwiri ndi ya boma: lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limaletsa kufukula malo akale kapena kutulutsa zinthu zakale m'dziko popanda chilolezo. Mvula ikakokolola nthaka nionetsa mikanda pamodzi ndi mapale kapena mafupa, musatole. Uzani mfumu, ndipo mbiri ifike ku Dipatimenti ya Museums and Monuments. Mkanda wochotsedwa pamalo pake wataya theka la zimene ukadatiuza. Za kumanda sitichita kunena, pakuti aliyense wa ku Ntchisi adziwa kuti kumeneko sikupita munthu wamba.

NTCHITO YA MPHUNZITSI

Choyamba ndi ulemu. Mikanda ya m'khosi, ya m'manja ndi ya kumutu ingathe kuonetsedwa, koma ya m'chiuno ndi ya m'nyumba, ndipo siitchulidwa pamaso pa ana. Mphunzitsi wamwamuna asaifunse konse. Ngati pali zoti zilembedwe za imeneyo, apite mphunzitsi wamkazi kwa anamkungwi, ndipo alembe zokhazo zimene amulola. Yambani mwaonekera kwa mfumu. Musatume ana kuti abwere ndi mikanda ya kwawo kusukulu, pakuti ikatayika mlandu wake simungaulipe. Pitani nokha kunyumbako, mukhale pansi, mufunse modekha. Safunsa adadya phula.

Chachiwiri ndi kulemba. Khalani ndi kope lapadera, ndipo pa chinthu chilichonse mulembe izi: mudzi ndi mfumu yaikulu ya deralo, kaya ndi kwa Kalumo, kwa Nthondo, kwa Chikho kapena kwa Kasakula, mfunda wa banjalo, amene adayamba kukhala nacho ndi amene adachilandira motsatana, kumene adachipeza, nthawi imene chinkavalidwa, utali wake, mitundu ya mikanda ndi kapangidwe kake, ndi ulusi. Jambulani chithunzi ndi pensulo kapena ndi foni, rula ili pambali. Pepala lina lokhala ndi mawu omwewo musiyire banjalo kuti lisungidwe pamodzi ndi mikandayo. Pepala limenelo ndilo lidzakweza mtengo wake kuposa china chilichonse chimene mungachite.

Chachitatu ndi kusunga. Alangizeni kuti asatsuke mikanda yakale ndi madzi otentha, phulusa kapena mchenga. Kansalu kofewa kouma n'kokwanira. Chinyezi ndicho mdani wa galasi lakale. Mkanda ukayamba kutuluka zoyera ngati mchere, kapena kung'aluka timing'alu, aupatule kwa inzake nausunge pouma. Ulusi ukafooka asaudule. Agoneke chingwecho pa nsalu yoyera nachisokerere pamenepo monga chilili.

Chachinayi ndi kuphunzitsa. Pa mapu ana angathe kutsata ulendo wa kamkanda kamodzi kuchokera ku Venice, kudzera ku Zanzibar ndi Kilwa, kuoloka nyanja kufika ku Nkhotakota, ndi kukwera mapiri kufika kwawo. Pa masamu angathe kuwerenga makhete ndi mafundo, ndi kupeza dongosolo la mitundu pa chingwe chojambulidwa pa bolodi. Amene angathe kufika ku Mua adzaona zovala za mikanda za Achewa, Angoni ndi Ayao m'nyumba ya Chamare pa Kungoni, malo amene adayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976.

Koma ntchito yofulumira koposa ndi ya chinenero. Mkanda wagalasi ungakhale m'nthaka zaka 500 osasintha, pamene dzina lake limafa pamodzi ndi nkhalamba yotsiriza yolidziwa. Maina amene Susi ndi Chuma adatchula tikuwadziwa lero chifukwa padapezeka munthu wowalemba. Amayi a ku Ntchisi ndi ku Dowa adali nawo maina awoawo a mitundu ya mikanda, a kalukidwe, ndi a zovala za pamwambo uliwonse. Chotero pa tchuthi chikudzachi aliyense wa inu acheze ndi amayi achikulire awiri kapena atatu a kwawo, alembe liwu lililonse monga alitchulira eni ake, tanthauzo lake ndi mudzi umene walimva, ndipo pobwera apereke kopelo kwa mkonzi wa magazini ino kuti mawuwo asindikizidwe m'kope lotsatira.